Madzi Obiriwira a kwa Amake John

Thandazani Jere amadziwa zimene zimachitika pansi pa mapazi a anthu a ku Lusaka, koma pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri za ntchito yake sanapezepo njira yoti anthuwo amumve. Ndi injiniya wa madzi a pansi pa nthaka. Mutakumana naye mu msewu wa Cairo masana simungamuganizire kuti ndi munthu wophunzira: wamfupi, wadazi, nsapato zili mbuu ndi fumbi, m'manja atanyamula bokosi la buluu lodzaza ayezi ndi timabotolo. Oitanira mabasi amamuyesa wogulitsa zakumwa zozizira, ndipo ena amafika pomufunsa ngati zatsalako.

Anabadwira ku Kabwata, m'nyumba ya zipinda ziwiri, womaliza mwa ana asanu. Makolo ake, anthu a ku Chipata, anamwalira motsatizana iye ali giredi faifi, ndipo amene anamulera ndi mlongo wake wamkulu, Helen. Helen anasiya sukulu chifukwa cha iyeyu. Zaka khumi ndi ziwiri anathera pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ndi dishi ya zitumbuwa ndi mazira owiritsa, kuthamangira mawindo a mabasi, kuti kamlongo kake kasasowe yunifolomu. Tsiku limene Thandazani anavala mkanjo wa ku yunivesite, Helen analulutira mpaka mawu kusasa. Chithunzi cha tsikulo anachipachika pamwamba penipeni pa khoma, kupitirira ndi cha ukwati wake chomwe.

Zimene Thandazani anaphunzira si zovuta ayi, bola munthu akhale pansi amve. Pansi pa mzindawu pali mwala wodzaza ming'alu ndi mapanga. Madzi a mvula amalowa m'menemo n'kumayenda, ndipo amayenda msanga, osasefedwa. Zimene zalowa m'dzenje la chimbudzi nazo zimatsata njira yomweyo. Ndiye munthu akakumba dzenje la chimbudzi kuseri kwa nyumba, n'kuboola chitsime chakuya kutsogolo, chija a ku Lusaka amati boholo, akhoza kumamwa lero zimene anataya dzana. Tsoka lake n'lakuti madziwo amatuluka oyera mbee, ozizira, okoma.

Nkhani yake ndi yomweyi basi, koma bambo ameneyu wayenda nayo Lusaka yense ngati wogulitsa malonda amene palibe akuwafuna. Anamuitanapo pa wailesi. Anayamba bwinobwino m'Chinyanja, koma pofika pa chiganizo chachitatu mawu anamuthera, poti zonse anaziphunzira m'Chingerezi, ndipo anatererekera komweko osadziwa. Atamaliza, woyamba kuimba foni anati, "Ba injiniya, ise tifuna chabe kuziba, manzi yazabwela liti ku pompi?" Ku Kabulonga mayi wina wa nyumba ya mpanda wamagetsi analandira lipoti lake la masamba asanu ndi atatu, n'kuliyala pansi pa mbale ya zipatso kuti tebulo lisade. Ku Woodlands anajambula ming'alu ija pa bolodi m'holo ya tchalitchi kwa ola lathunthu, thukuta lili kamukamu. Pamapeto mkulu wina anaimirira mwaulemu n'kunena kuti, "Mwakamba bwino, mwana wanga. Manje tudoyo utu mukamba, tionetseniko kamozi chabe." Thandazani analibe kachilombo koti aonetse.

Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Koma bola wamisalayo, anthu ankangomuseka. Thandazani ankamuombera m'manja, kumupatsa chakumwa ndi mabisiketi, kenako aliyense n'kupita kwawo kukamwa madzi omwe aja.

Zonsezi akanazipirira mpaka penshoni, chifukwa anali anthu a eni. Chimene chinamuthyola ndi boholo ya mlongo wake.

Helen anakwatiwa ndi Reuben Sakala, kalaliki wofatsa, ndipo anamanga ku Chelstone. Kumeneko dzina lakuti Helen linatha, aliyense ankamuti Amake John, potengera mwana wawo woyamba. Reuben atapuma pa ntchito, chinthu chachikulu chimene anachita chinali kubooletsa boholo. Pa tsiku loboola, Thandazani anayenda mapazi kuchokera pa dzenje la chimbudzi kufika pamene panaima makina, anawerenga khumi ndi limodzi okha, n'kuona kuti zayandikana kwambiri. Atanena, mlamu wake anangoseka. "Mulamu, puloti ni ing'ono iyi. Mufuna nikakumbe kwa neba?" Iye anaisiya nkhaniyo, poti mlamu sumulimbana naye pa bwalo lake pomwe. Patatha miyezi isanu ndi itatu Reuben anamwalira.

Maliro atatha, Helen analembetsa dzina la mwamuna wake ndi penti pa thanki, n'kutulutsa mpopi umodzi kunja kwa mpanda kuti aliyense azitunga ulere. Mwezi wa Okutobala, mipopi ina ikauma, mzere wa zigubu zachikasu unkafika pa mphambano. Mayi amene kale ankathamangira mawindo a mabasi tsopano ankapatsidwa moni ndi msewu wonse, ndipo wansembe akafika m'deralo ankayambira kwa iye. Amene sanasaukepo sangamvetse kukoma kwa chinthu chotere. Helen sanali wonyada, koma m'mawa uliwonse ankatuluka ndi tsache kukasesa pa mpopi paja ngati posesa pa manda.

M'nyumbamo munkakhalanso Abby, mwana wa John, wa zaka zinayi. John ankayendetsa mathiraki a kumalire, mkazi wake anali pa ntchito ku Kopala, dera la migodi, choncho mwanayo ankaleredwa ndi agogo ake. M'chaka chachisanu ndi chitatu cha boholoyo, Abby anagonekedwa ku chipatala katatu chifukwa chotsegula m'mimba. Ulendo wachitatu Thandazani atapita kukamuona, anapeza timikono taonda, maso alowa m'kati. Pobwerera anadzera ku Chelstone, n'kudzaza kabotolo kamodzi pa mpopi uja osauza munthu. Zotsatira zitatuluka ku labu anaziwerenga ataimirira, kenako anakhala pansi.

Lamlungu masana, anthu ataweruka ku tchalitchi, anapita ndi pepalalo. Anapeza Helen akusadzula masamba a chibwabwa pakhonde.

"Ba sisi, manzi ya mu boholo si yabwino. Ndiye yamene yadwalisa Abby."

Helen anaika lichero pansi, anakatunga madzi m'tambula, n'kuikweza ku dzuwa.

"Ona. Uona chani?"

"Sivioneka na maso, ba sisi."

"Vamene sivioneka na maso ni va Mulungu na va mfiti. Iwe uli mbali iti?"

Thandazani anatambasula pepala n'kuyamba kuloza manambala. Helen sanaliyang'ane n'komwe. Anati Abby amatola mango osapsa kuseri, ndi amene akumupweteka. Thandazani anapempha kuti bola aziwiritsa madziwo, koma Helen anamufunsa kuti awiritsa ndi chiyani, magetsi akungobwera ngati mlendo, makala nawo akusowa, ndipo kodi aziwiritsira msewu wonse? Anatchula za mankhwala othira m'madzi, Helen anati amanunkha ngati m'chipatala. Kenako mayiyo anatsitsa mawu.

"Thanda, ba Reuben banali kunikonda. Sibanganisiyile poizoni pa nyumba."

Pamenepo Thandazani anazindikira kuti khoswe wakhala pa mkhate. Kuti aphe khosweyo, aswa mtsuko wa mlongo wake. Kuti amusiye, mwana akutha. Mlungu wonse anayenda ndi mtima wolemera, mpaka anakumbukira mkulu wa ku Woodlands uja ndi pempho lake loti aonetsedwe.

Pa ntchito yawo pali ufa wina wofiirira umene ukalowa m'madzi umasanduka wobiriwira kwambiri. Suvulaza munthu. Amauthira pamalo pamodzi, n'kumadikira kuti aone kumene ukatulukire, basi adziwa njira ya madzi. Thandazani anaona kuti wapeza chinenero chimene ngakhale mwana angachimve. Anaimbira Helen n'kunena kuti akufuna kudzachita "ka testi" pa nyumbapo. Helen anali pa msonkhano wa amayi, anangoti, "Chita vamene ufuna, ndiwe injiniya." Apa ndi pamene munthu wophunzirayu anapusa: anayesa kuti wafotokoza.

Lachinayi m'mawa anafika ndi kachitini, analowa m'chimbudzi, anathira ufa uja, n'kugujumula madzi kakhumi. Malinga ndi masamu ake, mtunduwo ukanatenga masiku atatu kuti ufike pa boholo. Anakonza zoti Loweruka adzasonkhanitse anthu, adzawauze kuti, "Mawa muona chakuti," ndipo Lamlungu madziwo adzamuchitira umboni. Ngakhale mawu a Chinyanja oti akanene anawalemba pa kapepala.

Koma ming'alu ya pansi pa nyumba ya Helen inali yotseguka kuposa mmene iye ankaganizira. Lachisanu kum'mawa, iye ali ku Makeni pa ntchito ina, foni inalira. Anali Helen, ndipo mawu ake anali achilendo. "Bwela manjemanje."

Anapeza msewu wadzaza. Zigubu zinali mbwee, ndipo pa simenti ya pa mpopi panali dziwe la madzi obiriwira, owala ngati chakumwa cha ana. Kunena zoona, chinthu choyamba chimene Thandazani anamva mumtima chinali chimwemwe. Tsiku limodzi lokha! Umboni woposa umene ankaufuna! Anakwera pa njerwa za simenti zimene zinali pafupi ndi geti, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wake Chinyanja sichinamuthawe.

"Mvelani, bantu ba Mulungu! Ufa uyu naufaka mu toileti mailo. Lelo wachokela ku pompi. Ndiye kuti njila ni imozi. Vonse vamene viyenda mu toileti, vibwela kuno, mu manzi yamene mukumwa!"

 Kenako anatuluka a Mpundu, wapolisi wopuma pa ntchito wa nyumba yoyang'anizana, amene m'deralo mawu awo ankalemera. Iwo anali atamuona dzulo lake akulowa ndi kachitini.

"Ba injiniya, nifunseko chimozi. Mwavomela kuti ndimwe munafaka?"

"Ee, ndine, koma…"

"Mwamvela mweka. Bavomela."

Pa zonse zimene ananena, anthu anatola mawu amenewo okha. A Mpundu anapitiriza modekha, ngati ali pa khoti. "Zaka eiti tikumwa manzi aya. Siyanachinjepo kala olo siku imozi. Mwabwela imwe na kachitini, yachinja. Manje odwala ni boholo olo ndimwe?"

Thandazani analumbira kuti ufawo suvulaza. Pompo mayi wina anatunga madzi obiriwirawo m'kapu n'kumulozetsa. "Ngati si poizoni, imwani tione."

Anayang'ana kapuyo. Mtunduwo sankauopa, akanatha kuunyambita ndi supuni. Ankaopa zimene mtunduwo unayenda nazo kuchokera m'dzenje lija, zija za pa pepala la ku labu. Anayamba kufotokoza kusiyana kwake, koma khamu linangoona chinthu chimodzi: munthu wapatsidwa madzi ake omwe, wakana kumwa. Phokoso linabuka. Wina anatchula ufiti, wina anati watumidwa ndi ogulitsa madzi a m'mabotolo, wina anaponya chigubu.

Amene anamupulumutsa ndi Helen. Anamugwira dzanja monga ankachitira pomuwolotsa msewu ku Kabwata, anamulowetsa mu mpanda, n'kutseka geti. Thandazani anayesa kuti mlongo wake yekha ndiye wamva. Koma Helen anamutembenukira mwaukali.

"Nakulela ine na manja aya. Nasiya sukulu. Lelo wanichitisa nsoni pa zina ya ba Reuben, pamaso pa msewu onse. Choka. Pitila ku kumbuyo."

Anatulukira kakhomo ka kuseri, pafupi ndi dzenje lija.

Zotsatira zake iye akanatha kuzilemba zisanachitike. Amayi a mpingo anabwera kudzapemphera pa thanki masiku asanu motsatizana, uku pampu ikutulutsa madzi n'kumawataya mu ngalande. Tsiku lililonse kubiriwira kunkachepa, monga ufa uja umachitira, ndipo Lachitatu madzi anayera mbee. Amayi anavina. M'masiku amenewo Helen ankagulira Abby madzi a m'botolo, ndipo mwanayo anayamba kudya, kuthamanga, masaya kubwerera. Anthu anati onani mphamvu ya pemphero, yachiritsa boholo, yachiritsanso mwana. Lachinayi mzere wa zigubu unafikanso pa mphambano.

Miyezi iwiri inatha Helen osayankha foni. Thandazani ankapitabe ku ntchito, kutunga madzi a anthu, kulemba malipoti, koma ku misonkhano anayamba kutumiza anzake. Mvula yoyamba itagwa, ena akusangalala ndi fungo la dothi, iye anaima pa windo la ofesi akuganiza za maenje amene akudzaza ndi ming'alu imene ikutseguka. Anamva kwa John kuti Abby wayambiranso kudwala. Analemba kalata yaitali, anaing'amba. Anagula kabotolo ka mankhwala othira m'madzi, n'kumayenda nako m'thumba la jekete ngati chithumwa.

Chibale ndi fupa, sichiola. Sabata yachiwiri ya Disembala uthenga unafika pa foni: "Bwela pa Sondo, tikambe."

Anapeza mipando itaikidwa pansi pa mtengo wa mango. Panali a Mpundu ndi akulu a mpingo awiri, oitanidwa ngati mboni. Kunja kwa mpanda zigubu zinkagundana. Helen anali ataonda, ndipo imvi zinali zitatulukira m'mphepete mwa duku. Abby anakhala pa sitepe ya khonde atagwira kapu yake yapulasitiki yofiira, ali ndi maso aja a ku chipatala.

Mkulu wa mpingo anapemphera, kenako Helen analankhula. Anati sanagone bwino miyezi yonseyi. Anati amayi awo pomwalira anamusiyira Thanda m'manja, ndipo iye sangakafike kumene anapitako atamutaya. Anati amadziwa kuti Thanda alibe mtima woipa, koma maphunziro ochuluka nthawi zina amazunguza mutu. "Nakukhululukila. Vonse vasila." Misozi inkatsika, iye osaipukuta.

Thandazani nayenso analira, ndipo sanachite manyazi. Anaona kuti khomo latsegukanso, mwina tsopano alankhula pang'onopang'ono, amupemphe kuti bola madzi a Abby okha aziwathira mankhwala. Dzanja lake linali kale m'thumba la jekete.

Koma Helen anali atanyamuka. Analowa m'nyumba, anatsegula kabati ya zinthu za alendo, n'kutuluka ndi tambula ya galasi ya maluwa, imodzi mwa zija analandira pa ukwati wake. Anapita pa mpopi wa pa thanki, anaitsuka, anaidzaza, n'kubwera nayo ataigwira ndi manja awiri. Kwawo anthu akayanjana samangopatsana dzanja, wolakwiridwayo amapereka kanthu ndipo wolakwayo amalandira.

"Imwa, mwana wa amayi. Wachoka kutali."

Madziwo anali oyera mbee. Thandazani ankadziwa manambala ake pamtima. Ankadziwanso kuti mvula yawonjezera. Anayang'ana a Mpundu, amene anali atapinda manja akudikira. Anayang'ana mlongo wake, manja aja a zitumbuwa atamutambasulira tambula. Akakana, geti ili silidzamutsegukiranso, ndipo sipadzakhala wina wonena za Abby m'nyumba muno. Akatulutsa kabotolo kaja n'kudonthezera m'madzi a chiyanjano pamaso pa mboni, kuli bwino kungomumenya mbama mlongo wakeyo. Anadziuza kuti amwe lero, adzalankhula mawa.

Anatulutsa dzanja m'thumba lopanda kanthu, analandira tambula, namwa mpaka pansi. Anali ozizira, okoma.

Helen analulutira ngati tsiku la mkanjo lija. Akulu a mpingo anaomba m'manja. A Mpundu anaimirira, anamugwira chanza mwamphamvu, kenako anapita pa geti, analitsegula, n'kufuulira mzere wonse mpaka pa mphambano:

"Tapani chabe, bantu! Na ba injiniya bamwa!"

Mawu amenewo sanafune bolodi, sanafune wailesi, sanafune womasulira. Thandazani anawamva akudumpha kuchokera pa chigubu china kupita pa china, anthu akuseka, ena akusuzumira pa geti kuti amuone. Pa zaka zonse za ntchito yake, aka kanali koyamba kuti anthu a ku Lusaka amumvetse msanga chotero, n'kumukhulupirira ndi mtima wonse.

Anakhalabe pa mpando, tambula yopanda kanthu ili m'manja. Helen, nkhope ikuwala, anatenga kapu yofiira ija kwa Abby, anakaidzaza pa mpopi womwewo, n'kugwada pa sitepe.

"Imwa, mama. Waona? Na agogo ako ba Thanda bamwa."